Mungu ndi chuku: chimfine chobwera ndi nyengo m'mizinda

Chaka ndi chaka, mvula ikamapita kumapeto ndipo udzu wa m'mphepete mwa misewu ukayamba kumasula, anthu ena okhala m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba amayamba kuyetsemula mosalekeza, maso kuyabwa, mphuno kuchucha madzi, ndipo ena mwa iwo amafika pobanika usiku. Ambiri amangoti ndi chimfine cha kusintha kwa nyengo, koma madokotala amasiyanitsa chimfine chopatsirana ndi vuto lina lomwe gwero lake ndi mungu wa zomera komanso timbewu ta chuku touluka mumpweya.

Kusiyana kwake sikovuta kuzindikira. Chimfine chopatsirana chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, chimatha pakadutsa sabata imodzi kapena masiku khumi, nthawi zina chimabwera ndi kutentha ndi kuphwanya kwa thupi, ndipo chikalowa m'nyumba chimazungulira banja lonse. Chimfine cha ziwengo, chomwe pa Chingerezi amachitcha hay fever, sichitenthetsa thupi ndipo sichipatsirana. Mamina ake amakhala oyera ngati madzi, munthu amayetsemula kasanu kapena kakhumi motsatizana, kukhosi ndi m'maso mumayabwa, ndipo vutoli limatha kukhala masabata angapo. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti limabwerera m'miyezi yomweyomweyo chaka chilichonse, ngati mlendo wodziwa njira.

Nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'boma m'njira ziwiri. Choyamba, iwonso ndi anthu ndipo ena mwa iwo amadwala. Munthu amene wagona usiku wonse mphuno zitatseka sangalembe lipoti lomveka m'mawa mwake. Chachiwiri, zambiri zomwe zimachulutsa kapena kuchepetsa mungu ndi chuku mumzinda zili m'manja mwa maofesi: mtundu wa mitengo yobzalidwa m'misewu, mwezi wotchetcha udzu, kukonza ngalande ndi madenga, komanso mankhwala omwe zipatala zimaitanitsa.

Zomwe zimachitika m'thupi la munthu wowengedwa ndi mungu zikufanana ndi mlonda amene akumenya belu kaamba ka mphaka wodutsa. Mungu paokha si poizoni. Koma mwa anthu ena, asilikali a m'thupi amautenga ngati mdani ndipo amapanga zida zotchedwa IgE, zomwe akatswiri a sayansi ogwira ntchito ku America ndi ku Sweden anazitulukira m'zaka za 1966 ndi 1967. Munguwo ukafikanso pamphuno kapena m'maso, zidazi zimachititsa kuti thupi litulutse mankhwala otchedwa histamine, omwe amatupitsa m'kati mwa mphuno, kuyabwitsa ndi kutulutsa madzi. Zomwezi zikachitikira m'njira za mpweya za m'mapapo, njirazo zimatupa ndi kuchepa, ndipo munthu amamveka kulira m'chifuwa popuma. Amenewa ndiwo matenda a mphumu. N'chifukwa chake chimfine cha ziwengo ndi mphumu zimayendera limodzi kawirikawiri, ndipo zonse ziwiri zimatsata mtundu: mwana wa makolo owengedwa amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa anzake.

Munthu woyamba kutsimikiza kuti mungu ndiwo umayambitsa vutoli anali dokotala wa ku Manchester m'dziko la Britain, Charles Blackley, yemwe anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake m'chaka cha 1873. Iye mwini ankadwala matendawa, kotero ankadziyesa yekha poika mungu m'mphuno mwake komanso pakhungu lokandidwa. Anaulutsanso makaiti onyamula timagalasi topaka zomata, ndipo anapeza kuti mungu umapezeka ngakhale m'mwamba kutalitali ndi minda.

Pofuna kumvetsa nyengo ya vutoli m'mizinda ya m'dziko muno, m'pofunika kuyamba ndi kuchotsa mlandu pa mtengo umene umanamiziridwa kwambiri. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, mitengo ya jakaranda imavala maluwa ake obiriwira mofiirira n'kuwayala m'misewu, ndipo aliyense woyetsemula m'nyengoyi amaloza chala mtengowu. Komatu maluwa okongola ndi onunkhira amakongola kuti akope njuchi ndi tizilombo tina. Mungu wake ndi wolemera ndi womata, wopangidwa kuti ukakamire pathupi la njuchi, osati kuuluka ndi mphepo. Chimodzimodzinso mango, omwe amachita maluwa chisanu chikamatha. Munthu akhoza kuwengedwa nawo ngati akugwira maluwawo kapena kukhala pansi pa mtengowo tsiku lonse, koma si mitengo imeneyi imene imadzaza mpweya wa mzinda ndi mungu.

Zomera zovutitsa ndi zomwe maluwa ake munthu sangawatchole kuti akongoletse tebulo. Izi zimadalira mphepo, ndipo popeza mphepo ilibe adiresi, zimatulutsa mungu wochuluka zedi, wopepuka ndi wouma, kuti pang'ono chabe ukafike pomwe ukufunika. M'gulu limeneli muli udzu wa mitundu yonse, chimanga, mabulosi, paini ndi mitengo ya mtundu wa mkungudza. Kambewu kamodzi ka mungu wa udzu kukula kwake ndi pafupifupi magawo 30 mwa magawo 1,000 a milimita imodzi, kotero maso sangakaone.

Nanga bwanji anthu amavutikadi mu Okutobala? M'mwezi umenewu mpweya umakhala wodzaza ndi fumbi la m'misewu yadothi, utsi wa tchire lotenthedwa, utsi wa zinyalala ndi wa makala. Fumbi ndi utsi zimapweteka mphuno ndi mapapo a munthu aliyense, koma kwa amene njira zake za mpweya n'zotupa kale, zimakhala ngati kuthira tsabola pachilonda. Jakaranda amangopezeka pamalo a ngozi atavala malaya owala.

Udzu ndiwo uli patsogolo pa zomera zowenga anthu padziko lonse, ndipo kapinga, yemwe amabzalidwa pakhomo, m'mabwalo a masewero ndi kutsogolo kwa maofesi, ali m'gulu la udzu wodziwika ndi vutoli m'maiko otentha. M'dziko muno udzu wambiri umamera ndi mvula yoyamba ya mu Novembala ndi Disembala ndipo umamasula kuyambira chapakati pa dzinja mpaka mvula itasiya mu Epulo. Mungu umachuluka pa tsiku louma, la dzuwa ndi kamphepo, pomwe mvula yogwa pang'onopang'ono kwa maola angapo imautsuka mumpweya ndipo odwala amapumako.

Mzinda wa Lilongwe uli ndi mbiri yakeyake pankhaniyi. Pomwe likulu la dziko linkasamutsidwa kuchoka ku Zomba, zomwe zinachititsa kuti Lilongwe akhale likulu mu 1975, okonza mapulani anasiya malo aakulu opanda nyumba pakati pa ma Area osiyanasiyana kuti mzindawu ukhale wa mitengo ndi msipu. M'dzinja malo amenewa, pamodzi ndi madambo, amadzaza ndi tsekera ndi nsenjere wotalika kuposa munthu, kapena amasanduka minda ya chimanga. Chimanga chikatulutsa ngayaye mu Januwale ndi Febuluwale, phesi limodzi limamwaza timbewu ta mungu mamiliyoni. Mwayi wake n'ngwakuti mungu wa chimanga ndi waukulu ndi wolemera, ndipo wambiri umagwa pafupi ndi munda. Koma m'mizinda yathu mundawo nthawi zambiri uli kuseri kwa zenera la kuchipinda.

Apa pali mfundo yomwe makhonsolo a mizinda ndi oyang'anira malo a sukulu ndi maofesi angaigwiritse ntchito popanda kuwonjezera ndalama. Udzu wotchetchedwa usanamasule sutulutsa mungu. Udzu wotchetchedwa utamasula kale n'kusiyidwa mulu pamalo pomwepo umabweretsa mavuto awiri: mungu umamwazika pa nthawi yotchetcha, ndipo muluwo ukanyowa umasanduka nazale ya chuku. Ntchito ndi yomweyo, zikwanje ndi zomwezo. Chosiyana ndi sabata yomwe yalembedwa pa ndondomeko ya ntchito.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo pankhani ya mpweya matope ake ndi chuku. Alimi ndi alangizi a zaulimi amachidziwa bwino chuku cha m'chimanga ndi mtedza, chomwe chimatulutsa poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi cha munthu amene wadya mbewuzo. Vuto lomwe likukambidwa pano ndi lina. Chuku chimaberekana pomwaza timbewu tating'ono kuposa mungu, ndipo timbewuti tikapumidwa timatha kutsika mpaka m'kati mwa mapapo. Mumpweya wa panja, timbewu ta chuku nthawi zambiri timachuluka kuposa mungu kangapo konse.

Mitundu iwiri yomwe akatswiri amaitsata kwambiri panja ndi Cladosporium ndi Alternaria. Yonse imamera pa masamba ofota, udzu wouma, mapesi ndi zinyalala za m'munda. Akatswiri ambiri amawerengera kuti anthu owengedwa amayamba kumva zizindikiro timbewu ta Alternaria tikafika 100 mumpweya wokwana kiyubiki mita imodzi, womwe ndi mpweya wodzaza bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse, pomwe ta Cladosporium timayenera kufika 3,000. Alternaria ndi woopsa kwambiri kwa odwala mphumu, ndipo kafukufuku wa m'maiko angapo wamugwirizanitsa ndi kubanika kofika pogonekedwa m'chipatala. Timbewu timeneti timanyamuka kwambiri mbewu zikamakololedwa ndi kupunthidwa, zomwe m'dziko muno zimachitika kuyambira mu Epulo mpaka chisanu. Anthu a m'tauni asaganize kuti izi ndi za kumudzi kokha, pakuti matumba a chimanga chochokera kumudzi amafikira m'chipinda chogona kapena pakhonde la nyumba ya m'tauni.

Chuku cha m'nyumba ndicho chovuta kwambiri chifukwa sichidikira mphepo. Mitundu ya Aspergillus ndi Penicillium imamera pakhoma lonyowa, pa siling'i yodontha, kuseri kwa wadirobu, pa matiresi, pa nsapato za chikopa ndi pa mapepala. Chinthu chonyowa chikapanda kuumitsidwa, chuku chimatha kuyamba kumera pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Madontho akuda kapena obiriwira pakhoma ndi fungo lachinyontho lomwe limalonjera munthu akangotsegula chitseko ndi umboni wokwanira. Sipafunika makina kuti munthu adziwe. M'chaka cha 2009, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo apadera okhudza chinyezi ndi chuku m'nyumba, ndipo linati anthu okhala kapena kugwira ntchito m'nyumba zachinyezi amakhala pachiopsezo chachikulu cha kutsokomola, kubanika ndi kukula kwa mphumu.

Nyengo ya chuku cha m'nyumba imasiyana malinga ndi mzinda. Ku Lilongwe chinyezi chimatha msanga mvula ikasiya. Ku Mzuzu mvula imachedwa kutha ndipo mawawa amapitirira mpaka m'chisanu. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje kuli chiperoni, chomwe pakati pa Meyi ndi Ogasiti chimabweretsa masiku a mitambo, nkhungu ndi kamvula kowaza. Pa masiku otere mazenera amatsekedwa chifukwa cha kuzizira, zovala zimayanikidwa m'nyumba, ndipo ena amalowetsa mbaula kuti aothe. Chinyezi, utsi ndi mpweya wosayenda zimakumana m'chipinda chimodzi momwe ana akugona. M'chipinda chotere mumachulukanso tinthata tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'matiresi ndi m'mabulangete, ndipo tinthata timeneti pamodzi ndi mphemvu timawenga anthu chaka chonse. Munthu amene mphuno zake sizipuma mwezi uliwonse ayenera kukayikira za m'nyumba mwake asanakayikire mitengo ya mumsewu.

Anamondwe a zaka zapitazi awonjezera vutoli. Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasiya nyumba, sukulu ndi maofesi ambiri a m'chigawo cha kummwera atamwa madzi. Pa nthawi ya ngozi zotere, maso a onse amakhala pa kupulumutsa miyoyo, chakudya ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo m'pomveka. Koma khoma la njerwa lomwe lamira m'madzi limatenga masabata kapena miyezi kuti liume, ndipo banja likabwerera m'nyumba yotere limapuma chuku usiku uliwonse makamera ndi magalimoto a chithandizo atachoka kale.

Maofesi nawo sali kutali ndi nkhaniyi. Chipinda chosungiramo mafailo, chomwe kawirikawiri chimakhala chopanda zenera lotseguka, chodzaza ndi mapepala akale ndiponso pansi pa denga lomwe linayamba kudontha zaka zapitazo, ndi munda wabwino wa chuku. Kalaliki amene amayetsemula akangotsitsa failo yakale pashelefu sakuchita ulesi. Makapeti akale ndi makina oziziritsa mpweya omwe sefa yake sinatsukidwepo amachitanso chimodzimodzi. Chizolowezi chopaka penti pamwamba pa madontho a chuku alendo akamabwera chimangobisa vuto kwa miyezi yochepa, chifukwa madzi akapitiriza kulowa chuku chimaboola pentiyo. Chofunika ndi kutseka podontha, kuumitsa khoma, kutsuka ndi madzi a sopo kapena jiki wosungunula mazenera ali otsegula, kenako n'kupaka penti. Ntchito yotsukayi isapatsidwe kwa munthu wodwala mphumu.

Pali zifukwa zomwe vutoli limakulira m'mizinda ngakhale kuti udzu ndi mitengo n'zochuluka kumudzi. Utsi wa magalimoto, makamaka a dizilo, umatupitsa njira za mpweya ndipo umachititsa kuti thupi liwengedwe msanga ndi mungu wochepa. Anthu a m'tauni amathanso maola ambiri m'zipinda zotseka. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malo othithikana momwe nyumba zimamangidwa m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, pomwe chinyezi chimakwera kuchokera pansi. Kusintha kwa nyengo nako kukuikapo dzanja. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, yemwe anaunika malo 60 oyezera mungu ku United States ndi Canada, anapeza kuti pakati pa 1990 ndi 2018 nyengo ya mungu inayamba kubwera msanga ndi masiku pafupifupi 20 ndipo kuchuluka kwa mungu kunakwera ndi 21 peresenti.

Chifukwa china, chomwe chikukhudza mwachindunji okonza mapulani a mizinda, ndi mtundu wa mitengo yomwe boma limasankha kubzala, ndipo maiko awiri a ku Asia akupereka phunziro lowawa. Pomwe dziko la Pakistan linkamanga likulu lake latsopano la Islamabad m'zaka za m'ma 1960, akuluakulu anafuna mtengo wokula msanga kuti mzindawu ubiriwire, ndipo anasankha mtengo wina wa mtundu wa mabulosi wotchedwa paper mulberry, wochokera kummawa kwa Asia. Mtengowu unafalikira wokha mumzinda monse. M'mwezi wa Malichi mungu wake wakhala ukupitirira timbewu 40,000 pa kiyubiki mita imodzi, zipatala zimadzaza ndi obanika, ndipo mabanja ena amachoka mumzindawu mpaka nyengoyi itadutsa. Akuluakulu a mzindawu akhala akuwononga ndalama zambiri kudula mitengo yomwe anzawo akale anabzala ndi mtima wabwino.

Ku Japan, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma linalimbikitsa kubzala mitengo ya sugi m'mapiri pofuna matabwa omangira. Mitengoyi itakhwima inayamba kumwaza mungu womwe umafika mpaka mumzinda wa Tokyo, ndipo kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti anthu oposa anayi mwa khumi alionse m'dzikolo amadwala chimfine cha mungu. Mu 2023 boma la Japan linalengeza ndondomeko yochepetsa nkhalango zobzalidwa za sugi ndi 20 peresenti m'zaka khumi. Dziko la Malawi limakhala ndi nyengo yobzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mitengo ndi yofunika kwambiri m'mizinda yotentha ndi yafumbi. Phunziro la ku Islamabad silikuti mitengo isabzalidwe, koma kuti pa mafunso omwe amafunsidwa posankha mbande, monga kukula msanga ndi kupirira chiswe, pawonjezeredwe funso lakuti mungu wa mtengowo umayenda ndi njuchi kapena ndi mphepo, ndiponso kuti msewu wonse usadzazidwe ndi mtundu umodzi.

Ziwerengero monga 40,000 ya ku Islamabad zimachokera ku ntchito yoyeza mpweya tsiku ndi tsiku, ndipo chipangizo chake si chachilendo. Anachipanga mu 1952 ndi katswiri wa matenda a mbewu wa ku Britain, Jim Hirst, ndipo chikugwiritsidwabe ntchito padziko lonse. Chimaikidwa padenga la nyumba, chimatembenuka kutsata mphepo ndipo chimakoka mpweya wokwana malita khumi pa mphindi imodzi, womwe ndi pafupifupi mpweya umene munthu amapuma. Mpweyawo umawomba pa tepi yomata yomwe imazungulira pang'onopang'ono kwa masiku asanu ndi awiri. Sabata ikatha, katswiri amadula tepiyo m'zigawo za tsiku lililonse n'kuwerenga pa maikulosikopu mungu ndi timbewu ta chuku, mtundu ndi mtundu. Chodula kwambiri pantchitoyi si chitsulocho koma munthu wophunzitsidwa kuzindikira timbewuto.

M'chigawo chino cha Africa, chitsanzo chapafupi chili ku South Africa, komwe mu 2019 akatswiri otsogozedwa ndi nthambi yoona za matenda a m'mapapo pa yunivesite ya Cape Town anakhazikitsa ntchito yoyeza mungu m'mizinda isanu ndi iwiri: Cape Town, Johannesburg, Pretoria, Bloemfontein, Kimberley, Durban ndi Gqeberha. Zotsatira zinkaperekedwa kwa anthu sabata iliyonse pa intaneti. Kuyezaku kunasonyeza kuti udzu ndiwo gwero lalikulu, ndipo pa mitengo, yomwe imatulutsa mungu wambiri m'mizinda ngati Johannesburg ndi yobwera, monga plane, mabulosi ndi cypress, yomwe inabzalidwa kuti ikongoletse misewu. A Malawi ambiri okhala ku Johannesburg amapuma mungu umenewu kumapeto kwa chisanu, ndipo munthu amene sankayetsemula kwawo akhoza kuyamba kuwengedwa atakhala m'dera latsopano zaka zingapo.

Phindu la kuyeza ndi kuchenjeza linaoneka poyera pambuyo pa zomwe zinachitika mumzinda wa Melbourne ku Australia pa 21 Novembala 2016. Tsikulo kunatentha, kunali mphepo, ndipo mpweya unadzaza ndi mungu wa udzu wa ziweto wotchedwa ryegrass wochokera m'minda yozungulira mzindawu. Chakumadzulo kunabwera mvula ya mabingu. Akatswiri amafotokoza kuti mungu ukakhudzana ndi chinyezi umatha kuphulika, ndipo kambewu kamodzi ka udzu umenewu kamatulutsa tizidutswa pafupifupi 700. Mungu wathunthu umakodwa m'mphuno, koma tizidutswati timalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Mphepo yotsogolera mvulayo inatsitsira zonsezi pa anthu omwe ankaweruka kuntchito. M'maola 30 okha, anthu oposa 3,300 kuposa masiku onse anathamangira kuzipatala akubanika, maambulansi anachepa, ndipo anthu khumi anamwalira. Ambiri mwa odwalawo anali anthu a chimfine cha ziwengo omwe sanauzidwepo ndi dokotala kuti ali ndi mphumu. Chaka chotsatira, boma la chigawo cha Victoria linayambitsa ndondomeko yochenjeza anthu, yomwe imaphatikiza ziwerengero za mungu ndi ulosi wa nyengo kuyambira mu Okutobala mpaka Disembala. Ndondomekoyi inatheka chifukwa a zanyengo, a zaumoyo ndi mayunivesite anagwirira ntchito pamodzi.

Mfundo ya anthu odwala mphumu osadziwa ndi yomwe ikufika pakhomo penipeni. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 262 miliyoni padziko lonse anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka. Kafukufuku wotchedwa ACACIA, yemwe zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2024, anafunsa ana a sukulu oposa 27,000 m'mizinda ya Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse anali ndi zizindikiro za mphumu, ndipo mwa ana amenewa, asanu ndi atatu mwa khumi alionse anali asanauzidwepo kuchipatala kuti ali ndi matendawa. Mwana wotere amatsokomola usiku, amalephera kuthamanga ndi anzake, amajomba kusukulu m'miyezi ina, ndipo kunyumba amangoti ali ndi chifuwa chosamva mankhwala.

Chifuwacho sichimva chifukwa mankhwala omwe amapatsidwa si ake. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya ndipo alibe mphamvu iliyonse pa mungu kapena chuku. Kuwamwa pa chimfine cha ziwengo n'kutaya ndalama, komanso kumathandiza kuti tizilombo tizolowere mankhwala, vuto lomwe likudetsa nkhawa azaumoyo padziko lonse. Pa kuyetsemula ndi kuyabwa, madokotala amapereka mankhwala oletsa mphamvu ya histamine. Piriton, yemwe ambiri amamudziwa, amagonetsa, kotero madalaivala ndi oyendetsa makina ayenera kusamala naye. Cetirizine ndi loratadine sagonetsa kwambiri. Kwa amene mphuno zimatseka masabata ambiri, pali mankhwala opopera m'mphuno omwe amagwira bwino ntchito munthu akawayamba nyengo yake yovuta isanafike. Apa m'pomwe kabuku kamathandiza: wodwala akamalemba mwezi, malo ndi nyengo ya tsiku lomwe wavutika, pakatha chaka amakhala ndi kalendala yakeyake yoti akaonetse dokotala.

Pa mphumu, mankhwala opopera m'kamwa ali mitundu iwiri ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Salbutamol, yemwe kawirikawiri amakhala m'kabotolo kabuluu, amatsegula njira za mpweya mwachangu koma sachotsa kutupa. Beclometasone ndi anzake amachepetsa kutupako ndipo ndiwo amateteza munthu kuti asabanike. Kuyambira mu 2019, bungwe la akatswiri a mphumu padziko lonse la GINA linasiya kulimbikitsa zoti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha. Maganizo omwe ena ali nawo akuti munthu akayamba kupopera sasiyanso, kapena kuti mankhwalawa ndi a wodwala amene watsala pang'ono kufa, alibe umboni ndipo amachedwetsa chithandizo. Kwa ana, mankhwalawa amafika bwino m'mapapo akadutsira m'kachubu kapadera, ndipo kafukufuku wa ku Cape Town wofalitsidwa mu 1999 anasonyeza kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500 lokonzedwa bwino limagwira ntchito mofanana ndi kachubu kogula. Munthu amene akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, amene milomo yake yasintha mtundu, kapena amene wapopera koma osapeza bwino, ayenera kutengeredwa kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Zina zonse ndi za pakhomo ndi pa ofesi. M'nyengo ya udzu, wowengedwa amapepukidwa akamatseka mazenera pa masiku ouma a mphepo, kusamba kumaso ndi kusintha zovala akachokera panja, kuvala chophimba pakamwa ndi pamphuno potchetcha kapena popuntha chimanga, ndi kukhala m'nyumba pamene mphepo yotsogolera mvula ya mabingu ikuwomba. M'nyengo yachinyezi lamulo limatembenuka: mazenera atsegulidwe dzuwa likangotuluka, matiresi ndi mabulangete ayanikidwe panja, ndipo mipando ndi mashelefu zisagundane ndi khoma.

Kwa oyang'anira nyumba za boma, kalendala ili kumbali yawo. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, pomwe mvula ikusiya m'madera ambiri ndipo madontho a pa siling'i akadali oonekera bwino. Kuchokera mu Meyi mpaka Okutobala pali miyezi isanu ndi umodzi youma yoti malata asinthidwe, mipaipi yotsitsa madzi padenga itsegulidwe ndi makoma aume, mvula ya Novembala isanabwere.